Phunziro: Mneni wa Chingerezi "reclaim" ndi Matanthauzo Ake m'Chinyanja

Ophunzira a ku Zóbuè, kumalire a dziko lathu ndi Malawi, amamva Chingerezi kawirikawiri, pomwe m'kalasi amaphunzira m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi. Akakumana ndi mneni "reclaim", ambiri amaganiza kuti ndi "reclamar" yemwe amamudziwa kale, n'kumasulira kuti "kudandaula". Apa mphunzitsi ayenera kukhala tcheru.

Aneni awiriwa gwero lawo ndi limodzi: liwu la Chilatini lakuti "reclamare", lomwe linkatanthauza kufuula motsutsa. M'Chipwitikizi cha tsiku ndi tsiku, "reclamar" amatanthauza kudandaula, monga momwe timaonera pa buku la madandaulo m'maofesi, ngakhale amanenanso za kuitanitsa chimene chili chako. Angerezi anatenga liwuli ku Chifalansa m'zaka za m'ma 1300. Alenje oweta akabawi ankaligwiritsa ntchito poitana mbalameyo kuti ibwerere padzanja pawo. Kuchokera apo linayamba kutanthauza kuweta nyama yolusa ndi kubweza munthu amene wasochera m'makhalidwe. Pofika m'zaka za m'ma 1700, linkanenanso za kusandutsa madambo ndi malo osalimika kukhala minda. Masiku ano limatanthauza makamaka kutenganso chinthu chako chomwe chinali m'manja mwa ena.

Chinyanja chili ndi mneni wakewake pa tanthauzo lililonse. Wokatenga njinga yomwe anaisiya ngati chikole, timati waiwombola. Wolamula kuti amubwezere munda wa makolo ake, timati akuitanitsa. Kukwirira maenje a migodi ya malasha ku Moatize ndi kubzalapo mitengo, timati kukonzanso nthaka. Ziganizo zitatu zonsezi Mngerezi angazinene ndi "reclaim" yekha.

Choncho tisapatse wophunzira liwu limodzi loti aloweze pamtima. Tiyambe ndi chiganizo chathunthu, timufunse m'chiyankhulo chake kuti chachitika n'chiyani, kenaka asankhe yekha mneni woyenera. Maphunziro a ziyankhulo ziwiri, omwe anayesedwa m'Chinyanja kuno ku Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, maziko ake ndi omwewa: mwana amamvetsa chachilendo podzera m'chimene akuchidziwa.

Ntchito

1. M'magulu a anthu atatu, lembani ziganizo zitatu za Chinyanja zokhala ndi aneni awa: kuwombola, kuitanitsa, kukonzanso.
2. Masulirani ziganizozo m'Chipwitikizi. Kodi "reclamar" akukwanira m'ziganizo ziti?
3. Konzani mafunso awiri othandiza wophunzira amene wamasulira "reclaim" kuti "kudandaula" kuzindikira yekha pomwe waphonya.