Bokosi la sabuufa: guluu, masikuluwu ndi misomali, chogwira bwino n'chiti?

Pa masiteji a minibasi ndi ma Sienta, galimoto yolira bezi yomveka bwino ndiyo imakopa achinyamata, ndipo eni galimoto ambiri sawerengera ndalama pofuna sipika yabwino. Apa ndi pomwe akalipentala a ku Ndirande, Mchesi kapena Chibavi, komanso anyamata omanga mawailesi m'galimoto, angapezepo kangachepe. Koma bizinesi imeneyi ili ndi msampha wake. Bokosi likhoza kuoneka lokongola tsiku logulitsa, patangotha milungu itatu kasitomala n'kubwera nalo likulira ngati chitini, akufuna ndalama yake. Nthawi zambiri vuto silikhala sipika ayi, koma mmene matabwa analumikizidwira. Sabata ino tione njira zomangira bokosi loti lisakubwerereni.

Chifukwa chake bokosi limaphwasuka

Sipika ya bezi imagwira ntchito pokankha mpweya. Pa mawu otsika, pepala la sipika limapita kutsogolo ndi kumbuyo maulendo ngati 40 kapena 60 pa sekondi imodzi. Likabwerera m'mbuyo limapanikiza mpweya wa m'bokosi, ndipo mpweyawo umakankha makoma onse. Onjezanipo mabampu ndi maenje a m'misewu yathu, muona kuti bokosi silipuma. Mpata waung'ono ukangotseguka pa msoko, mpweya umatulukira pomwepo, bezi imachepa mphamvu, kenako kumamveka kaphokoso ngati mluzu. Choncho msoko wa bokosi uli ndi ntchito ziwiri: kugwira mwamphamvu ndi kutseka mpweya.

Yambani ndi thabwa loyenera

Amisiri ambiri amagwiritsa ntchito MDF ya mamilimita 18. Ndi yolemera, yosalala, ndipo sinjenjemera wamba. Shiti yake imakhala mamilimita 2440 m'litali ndi 1220 m'lifupi. Kuipa kwake n'kwakuti imatupa ikanyowa, ndipo m'mphepete mwake mumang'aluka msanga. Pulayiwudi ya mamilimita 18, yonga yomwe imapangidwa ku Chikangawa, ndi yopepukirapo, imagwira sikuluwu bwino, komanso imapirira chinyezi. Ngati buti ya galimoto imalowa madzi nthawi ya dzinja, muuzeni kasitomala asankhe pulayiwudi. Chipibodi ndi yotchipa koma imanyenyeka pa sikuluwu, choncho ndalama yomwe mwapulumutsa pogula imathera pokonzanso.

Dulani zidutswa molunjika ndipo muziyese ndi sikweya. Palibe guluu yemwe angapulumutse msoko wokhota. Podula MDF valani chotchinga pamphuno, chifukwa fumbi lake ndi losalala kwambiri ndipo silabwino m'mapapo.

Guluu ndiye mwini ntchito

Ambiri amaganiza kuti mphamvu ya bokosi ili m'masikuluwu. Zoona zake n'zakuti chogwira kwenikweni ndi guluu woyera wa matabwa, wa mtundu wa PVA, monga Ponal kapena Alcolin. Guluu amagwira msoko wonse kuchokera uku mpaka uko, pomwe sikuluwu imagwira malo amodzi okha. Ndiyenso amatseka timipata todutsa mpweya.

Pakani guluu pa msoko wonse osadumphadumpha. M'mphepete mwa MDF mumamwa guluu kwambiri, ndiye pakani kaye pang'ono, dikirani mphindi zochepa, kenako pakaninso musanalumikize. Mukapana matabwa, guluu azifinyika pang'ono msoko wonse. Akapanda kutuluka ndiye kuti wachepa. Pukutani wotulukira kunja ndi kansalu konyowa pang'ono. Msoko ukhale wopanidwa kwa ola limodzi, ndipo bokosi lisaikidwe sipika mpaka patatha maola 24. Guluu wachikasu womata nsapato ndi wabwino pomata kapeti kunja kwa bokosi, koma si womangira misoko. Musathire madzi m'guluu pofuna kuti achuluke.

Masikuluwu: boolani kaye

Ntchito ya masikuluwu ndi kukoka matabwa kuti akumane bwino pomwe guluu akuuma, kenako amakhala ngati chitetezo chowonjezera. Pa thabwa la mamilimita 18, gulani masikuluwu a chipibodi a mizere yotalikirana, a 4 x 50. Akadutsa thabwa loyamba, mamilimita 32 amalowa m'thabwa lachiwiri, ndipo n'zokwanira.

Cholakwika chachikulu ndi kulowetsa sikuluwu m'mphepete mwa MDF osaboola. Thabwa limang'aluka pakati ngati mkate, nthawi zina mng'aluwo osaoneka kunja. Tsatirani izi:

1. Boolani kaye ndi bitsi ya mamilimita 3, pakati penipeni pa m'mphepete, kuya kwake kofanana ndi sikuluwu.
2. Pa thabwa lapamwamba kulitsani bowo lifike mamilimita 4, kuti sikuluwu idutse momasuka n'kukoka thabwa linalo.
3. Kulungizani kukamwa kwa bowo kuti mutu wa sikuluwu umire, usatumphuke pansi pa kapeti.
4. Siyani masentimita 5 kuchokera pa kona, ndipo masikuluwu atalikirane masentimita 10 mpaka 15.
5. Sikuluwu ikangogwira, lekani. Mukapitiriza imazungulira pachabe ndipo bowolo latha ntchito.

Nanga misomali?

Misomali ndi yotchipa komanso yachangu, n'chifukwa chake mabokosi ambiri a pamsika amakhomedwa nayo. Vuto n'lakuti msomali ndi wosalala, ndiye kunjenjemera kwa bezi kumauzula pang'onopang'ono. Msomali waukulu umang'ambanso MDF. Ngati mulibe dirilo kapena magetsi azima, gwiritsani ntchito timisomali ting'onoting'ono tongogwiriza matabwa pomwe guluu akuuma, ndipo mumange bokosi lonse ndi zingwe za mphira kapena malamba kuti lipanike. Misomali yokha popanda guluu ndi kuitana mlandu.

Limbitsani mkati

Matani timatabwa ta masentimita 2 mbali zonse m'makona a mkati, kuti guluu apeze malo ambiri ogwira. Ngati khoma ladutsa masentimita 40, ikani mtanda wolumikiza makoma awiri oyang'anana. Gogodani khoma ndi chala: likamalira ngati ng'oma, likufunika mtanda. Pa sipika yolemera ya mainchesi 12 kapena 15, khoma lonyamula sipika likhale la matabwa awiri omatidwa pamodzi.

Guluu akauma, pakani silikoni m'misoko yonse ya mkati ndi pozungulira polowera mawaya. Silikoni wamba amatulutsa fungo la viniga pouma, ndipo nthunzi yake ikhoza kuwononga mbali zina za sipika. Lisiyeni bokosi lotsegula tsiku lathunthu mpaka fungo lithe.

Kumanga sipika ndi kumanga bokosi m'galimoto

Sipika ikamachotsedwachotsedwa, mabowo a masikuluwu amakula. Njira yabwino ndi mabawuti okhala ndi ma T-nut, omwe amakhomedwa mkati mwa khoma. Ikani kamphira kapena kasiponji kozungulira pansi pa mkombero wa sipika, ndipo mangani modumphanitsa ngati mmene timamangira tayala la galimoto. Tchingani pepala la sipika ndi dzanja pomanga. Sikuludiraiva ikaterereka n'kuboola, phindu lanu lonse lapita pa kugula ina.

Bokosi losamangidwa m'galimoto ndi ngozi. Dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi, limauluka n'kuvulaza okwera. Limangeni ndi tizitsulo topindika kapena malamba olimba. Musanaboole pansi pa buti, suzumirani kunsi, chifukwa kumeneko kumakhala thanki ya mafuta, mapaipi a mabuleki ndi mawaya.

Yesani kasitomala asanafike

Pa bokosi lotsekedwa paliponse, kankhani pepala la sipika pang'onopang'ono ndi zala zotambasula, kenako lisiyeni. Lizikhala lolimbirapo ndipo lizibwerera mwapang'onopang'ono. Kenako tsegulani nyimbo ya bezi, n'kuyendetsa dzanja lonyowa m'misoko. Pomwe mwamva kamphepo, mpomwe pakudontha.

Werengerani musanatchule mtengo

Kukula kwa bokosi kumatengera zomwe opanga sipika alemba pa katoni kapena kabuku kake. Tiyerekeze kuti akufuna malita 35. Mkati mukhale masentimita 40 x 35 x 25, zomwe zikupereka malita 35. Poti thabwa lili mbali zonse, onjezani masentimita 3.6 pa muyeso uliwonse, ndiye kunja kukhala 43.6 x 38.6 x 28.6. Mitanda ndi maginito a sipika zimadya malo mkati, choncho onjezeranipo pang'ono. Pitani mukayese buti ya kasitomala musanadule. Bokosi labwino lokana kulowa m'galimoto ndi katundu wokhalira.

Bokosi lotere limadya masikuluwu pafupifupi 40, ndipo shiti imodzi imatulutsa mabokosi awiri kapena atatu mukadula mwanzeru. Gawani mtengo wa shiti moteromo, onjezani guluu, silikoni, kapeti, polowera mawaya, transipoti, magetsi ndi masiku awiri a ntchito yanu. Mitengo ya mu hadiweya ikusinthasintha, ndiye funsani tsiku lomwelo, ndipo masikuluwu gulani a bokosi lathunthu osati owerenga. Landirani dipoziti yokwanira kugula zipangizo.

Kasitomala wothamanga adzakuuzani kuti akulifuna madzulo omwewo. Mufotokozereni kuti guluu ndi silikoni zimafuna nthawi, ndipo muonetseni mkati mwa bokosi musanatseke, aone yekha mitanda ndi misoko. Akaona zimenezo savuta pa mtengo, ndipo pa siteji anzake akamufunsa komwe anapangitsa, adzatchula shedi yanu.

Sabata ya mawa tidzaona mmene mungasankhire mawaya ndi fyuzi pomanga ampulifaya.