Kodi anthu a ku Russia ndi osangalaladi?

Funso: Ndinamva kuti pa anthu 10 alionse a ku Russia, pafupifupi 8 amati ndi osangalala. Zingatheke bwanji dziko lili pa nkhondo ndi Ukraine? Kodi si bodza limeneli?
Mphunzitsi, Zomba

Yankho: Aphunzitsi, kukayika kwanu n'komveka. Chiwerengero chotere chimachokera ku VTsIOM, bungwe la boma lofufuza maganizo a anthu. Ambiri akafunsidwa chimene chimawasangalatsa amatchula banja, ana ndi thanzi. Munthu angakondwe ndi za pakhomo pake ngakhale za dziko zikumuwawa.

Mantha aliponso. Kuyambira mu Marichi 2022, wofalitsa zimene boma likuti n'zabodza zokhudza asilikali angathe kumangidwa zaka mpaka 15. Ndiye mlendo akaimba foni n'kuyamba mafunso, ena amangoyankha zowapulumutsa, ena amakana.

Mafunsidwe amasinthanso zotsatira. Lipoti la World Happiness Report limapempha anthu kupatsa moyo wawo malikisi kuyambira 0 mpaka 10. Kumeneko Finland yakhala ikutsogola kuyambira 2018, pomwe Russia imapezeka chapakati.

Mukamva ziwerengero zotere, chitani izi:
1. Fufuzani mwini kafukufukuyo ndi amene analipira.
2. Werengani funso lenilenilo mmene linafunsidwira.
3. Yerekezani ndi za Levada Center, bungwe loima palokha lofufuza maganizo a anthu lomwe boma la Russia linalitcha "nthumwi ya maiko akunja" mu 2016.

Ngati mukufuna kuphunzitsira ziwerengerozi m'kalasi, yambani mwaonana ndi katswiri wa kafukufuku.