Mafunso ndi Mayankho: Kuwalitsa Mipeni Pakhomo

Muwulutsi: Makalata ali mulu pathebulo pano. Bambo, yoyambayi ndi ya bambo wina wa ku Chelstone. Akuti amasula mipeni kuchokera ku masipuling'i a galimoto zakutha, ndiye akufuna makina opolishira kuti mipeniyo iziwala ngati ya m'sitolo. Agule otani?

Katswiri: Zikomo achimwene. Bambo a ku Chelstone, ndalamazo zikhale kaye m'thumba. Gudumu la nsalu silichotsa timizere tozama tomwe fayilo yasiya pachitsulo. Limangotiwalitsa, ndiye m'pamene timaonekera kwambiri. Ntchito yeniyeni ili pa sandipepala. Yambani ndi nambala 220, kenako 400, 600 mpaka 1000, mukunyowetsa ndi madzi. Mukasintha nambala, sinthaninso kokhulira: ngati munkatsata utali wa mpeni, tsopano pingasani. Apo maso anu omwe akuuzani ngati timizere takale tatha.

Mukafika pamenepo, kayendereni mahadiweya a ku Kamwala kapena a mu Freedom Way. Girayinda ya pabenchi wamba imazungulira pafupifupi maulendo 2,900 pa miniti. Imeneyo muike gudumu la mainchi 6, musapitirire, chifukwa gudumu likakula m'mphepete mwake mumathamanga zedi. Mukapeza yoyenda maulendo 1,450, tengani imeneyo ngakhale idule. Koma girayinda ya m'manja yodulira zitsulo ija, yomwe owotcherera mageti ku Kalingalinga amagwiritsa ntchito, imafika maulendo 11,000. Chonde, musayerekeze kumangapo nsalu.

Muwulutsi: Mwatsindika kwambiri pamenepo, bambo.

Katswiri: Ndili ndi chifukwa. Taonani chipsera ichi pankonopa. Ndili mnyamata ndinagwiritsa mpeni kumtunda kwa gudumu, kukamwa kwake kutayang'ana komwe nsalu ikuchokera. Nsaluyo inaukola, n'kuutsomphola m'manja, n'kuumenyetsa pansi, ndipo pobwerera unandipeza. Zinachitika ndisanaphethire n'komwe. Choncho mpeni uzikhudza gudumu kumunsi kwa pakati pake, kukamwa kutaloza pansi, komwe nsalu ikupita. Valani magalasi ndi chophimba mphuno, malaya a manja aatali muwapinde, ana akasewere kutali.

Muwulutsi: Iyi ndi ya mayi wina wa ku Woodlands. Akuti mipeni ya stainless steel yomwe analandira pa kitchen party yazilala. M'sitolo anaona sopo wopolishira wamitundumitundu, sakudziwa wotenga.

Katswiri: Mayi, sopo ameneyo ndi phula losakaniza ndi ufa wokhula, ndipo mtundu wake umakuuzani kukhakhala kwa ufawo. Wakuda ndiye wokhakhala, amaupaka pa gudumu la khonje pochotsa timizere totsala. Woyera ndi wosalalitsa chitsulo pa gudumu la thonje losokedwa. Wobiriwira, womwe muli chromium oxide, ndi womalizira, ndipo ndi umene mipeni yanuyo ikufuna. Wofiira usiyeni, ndi wa golide ndi siliva. Sopo aliyense akhale ndi gudumu lakelake, mulilembe ndi dzina. Mukapaka wobiriwira pomwe panali wakuda, mchenga wa wakuda uja ukandanso mpeni. Koma kunena zoona mayi, pa mipeni yochepa ya kukhitchini sindingakuuzeni kuti mugule makina. Khomerani lamba wakale wachikopa pathabwa, pakanipo wobiriwirayo, muzikoka mpeni chobwerera m'mbuyo. Mukatha utsukeni bwino ndi madzi otentha ndi sopo wa mbale musanadulire nyama.

Muwulutsi: Mnyamata wina wosema ziboliboli pafupi ndi Kabwata Cultural Village akudandaula kuti mpeni wake wosemera unasanduka wabuluu kunsonga ataupolisha, ndipo tsopano sukhalira kubuntha.

Katswiri: Pepa mwana wanga, unaupsereza. Chitsulo chikatentha chimayamba mtundu wa udzu wouma, ndipo chikafika pa buluu ndiye kuti chayandikira madigiri 300, kulimba kwake kwachepa. Nsonga ndi yopyapyala, imatentha msanga. Nola pamwala ndi madzi mpaka pabuluupo pathe. Ulendo wina uike chitini cha madzi pambali, ukhudze gudumu pang'ono, uviike, upukute, ukhudzenso. Osakanikiza. Zala zikamva kutentha, leka. Ndipo masiku omwe magetsi kulibe, monga tinaonera mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, lamba wachikopa uja amakwanira bwino pa mipeni yosemera.

Muwulutsi: Yomaliza, mwachidule. Agogo ena a ku Kabulonga ali ndi mpeni wakale wa chigwiriro cha mkuwa, womwe malemu bambo awo anawasiyira.

Katswiri: Agogo, umenewo usayandikire makina. Gudumu limadya zilembo ndi zokongoletsa, ndipo zikafufutika sizibwereranso. Chigwirirocho pukutani ndi Brasso pa kansalu kofewa, chitsulocho mupake timafuta pang'ono kuti dzimbiri lisagwire, musunge pouma kunja kwa chikopa chake.

Muwulutsi: Nthawi yatithera. Amene makalata anu sanawerengedwe lero musataye mtima, tiyamba ndi anuwo sabata yamawa. Polemba muzitiuza mtundu wa chitsulo ndi makina omwe muli nawo.