Namani ndi Njira ya Cipulumutso

Phunziro la mwezi uno licokera m'buku laciwiri la Mafumu, mutu 5. Muyambe mwawerenga mutu wonsewo, ndipo odziwa kuwerenga awerengere anzao. Cimene tifuna kuti mucigwiritse ndi ici: munthu wofuna kupulumuka sadzilambulira yekha njira. Njira anaiika kale Mulungu, ndipo kwa ife kwatsala kuitsata.

1. Nthenda yace

Namani anali kazembe wa nkhondo wa mfumu ya Aramu, munthu womveka ndi wokondedwa ndi mbuye wace. Koma anali wakhate, ndipo ulemu wace wonse sunakhoza kuletsa nthendayo kudya thupi lace. Ucimo uli wotero. Susankha mfumu kapena kapolo, mphunzitsi kapena wosadziwa kulemba dzina lace. Munthu akhoza kubisa khate ndi nsaru yokoma masiku owerengeka, koma nthenda iri kukula m'katimo.

Amene anauza a m'nyumbamo za mneneri wa ku Samariya ndiye kamtsikana ka Ciisrayeli, kogwidwa kunkhondo, kotumikira mkazi wa Namani. Potero wamng'ono asanene kuti, Ine ndiribe mau. Mulungu anayamba nchito yace pakamwa pa kapolo.

2. Njira imene Namani anaifuna

Namani ananyamuka ndi kalata ya mfumu yace, ndi matalente 10 a siliva, ndi masekeli 6,000 a golidi, ndi zobvala 10 zosinthira. Anayamba wapita kwa mfumu ya Israyeli, poyesa kuti za akuru zitha ndi akuru okhaokha. Koma mfumuyo inang'amba zobvala zace ndi mantha, pakuti inalibe mphamvu yakuciritsa. Pamenepo anafika pakhomo pa Elisa ndi akavalo ndi magareta. Elisa sanaturuka konse. Anangotuma mthenga kukamuuza kuti akasambe m'Yordano maulendo 7.

Namani anapsa mtima. Iye anali atakonzeratu mumtima mwace umo Mulungu ayenera kumciritsira: mneneri aturuke, aimirire, apemphere, ayendetse dzanja pa nthendapo. Ndipo ngati nkusamba, anati mitsinje ya kwao ku Damasiko, Abana ndi Farapara, iposa madzi a Israyeli. Anatembenuka kuti azipita, khate lace liri comweco.

Abale, kodi mtima umenewu mulibe m'midzi mwathu? Wina ayesa kuti copereka cace cacikuru cidzamgulira malo kumwamba. Wina akhulupirira dzina lace lolembedwa m'buku la mpingo, ngakhale mayendedwe ace ali akale omwe. Wina ati, Ndidzatembenuka tsiku limene ndidzalota loto lacilendo. Winanso adza kucalici pa Sabata, koma cithumwa ciri m'cuuno, kuti kwina kukalephera, kwina kumthandize. Onsewa ali kufuna mitsinje ya kwao.

3. Njira imene Mulungu anaiika

Anyamata a Namani anamyandikira mwaulemu, namkumbutsa kuti mneneri akadamlamula cinthu cobvuta akadacicita. Nanga akaniranji copepuka? Paja akuru anati, Wakutsina khutu ndi mnansi. Namani anamva, natsika pa gareta, nabvula za ulemu wace, namira m'madzi monga anauzidwa. Sanaleka pa ulendo wa 3 kapena wa 6 kuti, Kwakwanira. Atatsiriza wa 7, mnofu wace unakhala ngati wa mwana.

Zindikirani bwino kuti m'madzi a Yordano munalibe mankhwala. Ambuye Yesu mwini anakumbutsa anthu a ku Nazarete kuti akhate anali ambiri m'Israyeli masiku a Elisa, koma anakonzedwa Namani yekha, mlendo (Luka 4:27). Mtsinje unali pafupi ndi onsewo. Anaciritsa ndiye Mulungu, ndipo anaciritsa munthu amene anakhulupirira mau ace ndi kuwamvera.

Njira ya ife lero ndiye Yesu Kristu, amene anafera zocimwa zathu pamtanda, nauka tsiku lacitatu. Pa tsiku la Pentekoste anthu olaswa mtima anafunsa Petro cimene ayenera kucita, ndipo iye anawauza kuti alape ndi kubatizidwa m'dzina la Yesu Kristu, kuti macimo ao akhululukidwe, nalandire Mzimu Woyera. Tsiku lomwelo anaonjezedwa anthu ngati 3,000 (Macitidwe 2). Mapazi ace ndi omwewo kufikira lero: kumva Mau, kulapa, kukhulupirira Mpulumutsi, kumbvomereza poyera mu ubatizo, ndi kuyenda m'moyo watsopano. Inu a m'kalasi, musayese madzi a ubatizo ngati mankhwala otsirika. Wolowa m'madzi wosalapa aturukamo ndi khate lace.

4. Zotsatira zace

Namani sanathamangira kwao. Anabwerera kwa Elisa, nabvomereza kuti Mulungu woona ndiye wa Israyeli yekha, nalonjeza kusaperekanso nsembe kwa milungu yina. Anafuna kusiya mphatso, koma mneneri anakana ndithu, kuti adziwe kuti cisomo sicigulidwa. Koma Gehazi, mnyamata wa Elisa, anamthamangira ndi bodza, nalandira matalente 2 a siliva ndi zobvala 2, ndipo khate la Namani linammamatira iye. Mlendo wocokera kutali anapita kwao woyera. Wokhala m'nyumba ya mneneri masiku onse anaturuka wakhate. Ili ndi cenjezo kwa ife akuru a mpingo ndi aphunzitsi, amene tikhala pafupi ndi zopatulika.

Mafunso akukambirana

1. Namani anapseranji mtima pakhomo pa Elisa?
2. Ndi zinthu ziti m'mudzi mwanu zimene anthu azikhulupirira m'malo mwa Kristu?
3. Elisa anakaniranji mphatso?
4. Nanga inu, phazi liti la njirayi limene simunaliponde?

Ambuye atipatse mtima wofatsa, kuti titsike pa magareta athu ndi kuyenda m'njira yace. Amen.