Kakompyuta kobwera kopanda zam'kati: kodi nkoyenera pabalaza?

Pali timakompyuta tokwana pachikhatho timene timagulitsidwa tisanamalizidwe, totchedwa barebones. Kodziwika kwambiri ndi NUC, komwe kankapangidwa ndi kampani ya Intel mpaka mu 2023 pamene ntchitoyi idapita m'manja mwa ASUS. Ambiri amakakonda poonera mafilimu ndi kumvera nyimbo pa TV. Tiyeni tikayese molingana ndi nyumba za kwathu kuno ku Phalombe.

M'bokosi mumapezamo kamakinako ndi chaja yake basi. RAM mugula padera, SSD yosungiramo mafilimu paderanso, ndipo Windows kapena Linux mulowetsa nokha. Choncho mtengo wa pabokosi usakukopeni. Wonkhetsani zonsezo, kuphatikizapo thiransipoti yokazisaka ku Limbe, kenako muyerekeze ndi mtengo wa laputopu yogwirapo kale ntchito.

Nkhani yaikulu ndi magetsi. Kamakinaka sikadya magetsi ambiri, koma kalibe batire. Magetsi a ESCOM akangothima, filimu yathera pomwepo, ndipo kuzima kwadzidzidzi kukachuluka mafayilo amatha kuwonongeka. Pakhomo pa sola pali vuto lina. Chaja ya ma NUC ambiri imatulutsa mavoti 19, pamene batire ya sola ndi ya mavoti 12, ndiye kuti mugwiritse ntchito chajayi pamafunika inveta, yomwe nayonso imadyako mphamvu. Apa Raspberry Pi 4, yomwe idatuluka mu 2019 ndipo imayendera mavoti 5 ngati foni, imaposa NUC ngakhale ili yochepa mphamvu.

Suzumiraninso kumbuyo kwa TV yanu. NUC imalumikizidwa ndi chingwe cha HDMI. Ngati TV ndi yachikale ija ya mawaya atatu, wachikasu, wofiira ndi woyera, mufunikanso kachipangizo kosinthira.

Za YouTube tisanamizane, bandulo ya Airtel kapena TNM siichedwa kutha. Phindu lenileni la kamakinaka lili posunga mavidiyo a makwaya, maphunziro ndi mafilimu a ana mu SSD, n'kumawaonera ndi VLC kapena Kodi, mapulogalamu aulere, popanda intaneti. Kumbukirani kupukuta timabowo topitira mpweya, chifukwa fumbi la mu Okutobala ku Migowi kapena ku Chiringa limatseka timabowoto ndipo makina amatentha.

Banja la magetsi a ESCOM lokhala ndi wina wodziwa kulumikiza zipangizo lingakagule. Wophunzira amene ali kale ndi laputopu agule chingwe cha HDMI chokha, ndalama yotsalayo ipite ku fizi.