Kasungidwe ka Zishalo ndi Zingwe za Mahatchi Pamene Malo Ali Ochepa

Kabukuka talembera mabanja amene amapezera chakudya pa ntchito yosamala mahatchi a eni ake. Abale athu ambiri ali pa ntchitoyi ku South Africa, makamaka kudera la Kyalami pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, ndiponso m'mbali mwa Cape Town. Ena ali ku Harare, ena ku Britain, ndipo kuno kwathu mahatchi timawaona m'malo monga paphiri la Zomba ndi ku Kande m'boma la Nkhata Bay. Malo amene tikunena ndi aja mwini wake amamanga makola ambiri, anthu osiyanasiyana n'kumabweretsa mahatchi awo kuti azisungidwa molipira pamwezi. Kunjaku amawatcha livery. Pamalo otere makola amakhala ambirimbiri, koma chipinda cha zida chimakhala chimodzi, nthawi zambiri chaching'ono, ndipo aliyense amafuna kuti zake zilowemo.

Madandaulo amene timamva ndi akuti malo achepa. Koma mukalowa m'chipinda chotere n'kuyang'ana bwino, mupeza kuti pansi padzaza, makoma ali mbee, ndipo theka la katundu ndi woti sanayenere kulowamo n'komwe. Tiyambe ndi chimene chimawononga zida mwakachetechete.

Chinyontho

Chikopa chimamwa thukuta la hatchi, madzi a mvula ndi chinyontho cha mumpweya. Chinyontho cha mumpweya chikapitirira 70 peresenti kwa masiku angapo, chuku chimayamba kumera: mumaona ufa woyera kapena wobiriwira pachishalo, fungo n'kusintha. Chuku sichithera pamwamba. Chimalowa m'kati mwa chikopa ndi mu ulusi wosokera, ndipo ulusi ukaola lamba amaduka munthu ali pamsana pa hatchi. Ngozi yake ndi imeneyo, osati kuipa kwa maonekedwe chabe.

Nyengo yoopsa imasiyana malinga ndi kumene muli. Ku Johannesburg ndi ku Harare mvula imagwa m'miyezi yotentha, monga kwathu kuno. Ku Cape Town imagwa m'nyengo yozizira, makamaka June mpaka August, nthawi imene chinthu chonyowa chimatha masiku osauma. Ku Zomba, Thyolo ndi Mulanje musaiwale chiperoni: mvula yaikulu yatha, koma nkhungu yake imanyowetsa zinthu mpaka m'nyumba.

Lamulo ndi limodzi: chonyowa chisalowe m'chipinda cha zida. Kansalu kochindikala koyala pansi pa chishalo kamatuluka katanyowa ndi thukuta. Ambiri amakasanjika pamwamba pa chishalo, mbali yonyowa ikukhudza chikopa, n'kutseka chitseko. Kayanikeni panja pachingwe kapena pampanda, mbali yaubweya itayang'ana kumwamba, kalowe katauma. Lamba wa pamimba mumasuleni mbali zonse ziwiri, mumupukute, aume payekha.

Chikopa chikanyowa ndi mvula, chipukuteni ndi nsalu youma n'kuchisiya pamthunzi podutsa mphepo. Osachiika pamoto, pafupi ndi hita kapena padzuwa lamphamvu, chifukwa chikauma mofulumira chimauma gwa n'kung'aluka. Chikatsala pang'ono kuumiratu, chipakeni sopo wa zikopa, uja wa glycerine. Mafuta a neatsfoot ndi abwino pa chikopa chouma kwambiri, koma pang'ono pokha, mwa apo ndi apo. Mukachulukitsa chikopa chimalobodoka n'kutamuka. Oyilo wakuda wochokera mu injini, amene ena amapaka malamba, amawononga chikopa ndipo amatentha khungu la nyama. Musiyeni.

Chipinda chipume. Ngati mulibe zenera, pemphani mwini malo aboole mabowo awiri, limodzi m'munsi, lina m'mwamba pakhoma loyang'anana nalo, n'kuikamo waya wa sefa kuti makoswe asalowe. Masiku a dzuwa, pamene muli pafupi, siyani chitseko chotsegula. Ndipo musakulunge chikopa m'pulasitiki. Pepala la pulasitiki limatsekera chinyontho m'kati. Nsalu ya thonje, chitenje chakale kapena thumba la pilo ndi zabwino kuposa jumbo.

Pansi pakhale poyera, katundu akwere khoma

Chishalo chili ndi chimango m'kati, chamtengo wolimbitsidwa ndi chitsulo kapena cha pulasitiki yolimba. Chimangocho chikapindika kapena kuthyoka, chishalo chimatsina msana wa hatchi, ndipo kukonza kwake n'kodula, nthawi zina kosatheka. Chimawonongeka chikagwa, chikapondedwa, kapena chikasanjikizidwa ndi zinzake. Choncho chishalo chilichonse chikhale ndi pokhala pake pakhoma.

Simufunika kugula zitsulo za kusitolo. Tengani mtengo wozungulira kapena paipi yapulasitiki yaikulu ija ya madzi oipa, kutalika pafupifupi theka la mita, muikhomere kukhoma itatuluka mowongoka, n'kuikuta ndi chiguduli kapena kapeti yakale. Ikhale yozungulira pamwamba. Chitsulo chopyapyala chimasiya mizere pa mapilo a pansi pa chishalo, ndipo mizere imeneyo imakapweteka hatchi. Pakati pa choikapo chimodzi ndi chinzake cha pamwamba pake musiye mpata wa masentimita 45 mpaka 50. Motero zishalo zitatu zimakwana mumzere umodzi wokwera, pamalo amene pansi pakanakwana chimodzi. Cholemera ndi chogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku chikhale chapakati, chogwiritsidwa ntchito patalipatali chikwere pamwamba. Ngati kanjira n'kopapatiza, ikani choikapocho pa hinje kapena pa ngowe kuti chizigona kukhoma chishalo chikachoka.

Mukafuna kuika chishalo pansi kwa kanthawi, chiimikeni cha kutsogolo kwake, kumbuyo kutatsamira khoma, mutaika nsalu pakati kuti chisakalike. Kwa kanthawi, osati kugona choncho.

Zingwe za kumutu ambiri amazikoleka pamsomali. Msomali umapinda chikopa pamalo amodzi, ndipo pamalo pomwepo, pamene pamakhala kuseri kwa makutu a hatchi, ndi pamene chimayambira kung'aluka. Khomerani kukhoma chitini chopanda kanthu, cha nsomba kapena cha jamu, kukamwa kwake mutakusalaza kuti kusacheke munthu, n'kukoleka zingwezo pamwamba pake. Chitini chimasunga kupindika kwabwino, ndipo m'kati mwake mukhoza kuikamo kachitsulo kotokosera ziboda. Chitsulo cha m'kamwa chitsukidwe ndi madzi oyera nthawi iliyonse chikachoka m'kamwa mwa hatchi. Malovu ndi udzu zikaumirapo zimakhala zakuthwa, zimacheka milomo.

Kuseri kwa chitseko nakonso ndi malo. Pamenepo pakhale zikwapu, zingwe zotsogolera ndi mabandeji okulungidwa bwino m'thumba la nsalu. Zipewa zoteteza mutu zikhale pashelefu, kutali ndi malata otentha, pamalo poti sizingagwe. Chipewa chimene chamenyetsedwa pansi mwamphamvu sichitetezanso ngakhale kunja kukuoneka bwino; mukachigwetsa, muuzeni mwini wake, musabise.

Mabulangete a mahatchi ndiwo amadya malo kwambiri, ndipo amagwira ntchito miyezi yochepa pachaka, monga m'chisanu cha June ndi July ku Johannesburg. Nyengo yake ikatha achapeni, aume bwinobwino, muwapinde, muwaike m'bokosi lachitsulo kapena mumgolo wokhala ndi chivindikiro, pamwamba pa matabwa kapena njerwa. Ngati pali mpata pansi pa denga, akwere kumeneko. Mabulangete amene akugwiritsidwa ntchito apachikeni pamtengo wopingasa kutsogolo kwa khola la hatchi yake, osati m'chipinda cha zikopa.

Hatchi iliyonse ndi zake

Pano ndi pamene kuchepa kwa malo kumapusitsa anthu. Poti mashelefu ndi ochepa, mabulashi onse amathiridwa mu ndowa imodzi, malamba a pamimba pa ngowe imodzi, aliyense n'kumangotola chimene chili pafupi. Matenda amayenda motero.

Chipere chimafala kudzera m'mabulashi, malamba a pamimba ndi nsalu za pansi pa chishalo, ndipo tizilombo take timakhala ndi moyo pa zinthu zimenezi kwa miyezi. Chimagwiranso anthu, kotero mukhoza kupita nacho kunyumba ana n'kutengera. Nthenda ina, ya strangles, imene imatupitsa pansi pa nsagwada ndi kutulutsa mamina a mafinya, imayenda pa zitsulo za m'kamwa, zingwe za kumutu, ndowa za madzi ndi manja a wosamala. Ikalowa pamalo, mahatchi amaletsedwa kutuluka kapena kulowa kwa milungu ingapo, ndipo eni ake amayamba kufunsa kuti analakwitsa ndani.

Hatchi iliyonse ikhale ndi kabokosi kapena ndowa yake, dzina lake litalembedwa ndi penti kapena pa tepi. Amene kuwerenga kumawavuta agwiritse ntchito mitundu: tepi yofiira pa zonse za hatchi iyi, yachikasu pa zonse za iyo. Mabokosi ofanana kukula amasanjikizana bwino, ndiye ngati mwini malo akugula, mulangizeni agule a mtundu umodzi. Hatchi yatsopano ikabwera, kapena ina ikadwala, zida zake zisalowe m'chipinda cha onse mpaka dokotala wa ziweto atanena.

Zoyenera kutuluka

Chakudya cha mahatchi, madeya ndi kaloti zimaitana makoswe, ndipo khoswe akalowa sathera pa chakudyacho. Amatafuna chikopa pofuna mchere wa thukuta. Zakudya zikhale kwina, m'migolo yotsekeka. Udzu wouma, petulo ndi palafini zisayandikire: moto wa m'khola umathamanga kuposa munthu. Mankhwala a mahatchi, a njoka za m'mimba, opha nkhupakupa ndi aja a ululu otchedwa bute, akhale m'kabati yokhoma, pamwamba posafika ana. Bute ndi woopsa kwa munthu, musayerekeze kumwa chifukwa msana ukuwawa.

Palinso katundu wakufa: malamba oduka, nsapato zakale za mwana amene anakula kalekale, zida za hatchi imene inagulitsidwa. Si zanu, musataye nokha. Zisonkhanitseni m'thumba, muuze mwini malo, iye alankhule ndi eni ake.

Chipinda chanu si chosungiramo zida

Ambiri mwa inu mumakhala pamalo pomwepo, m'chipinda chimodzi ndi banja. Malo akachepa, pamapezeka wina wonena kuti, sungireni chishalochi kwanuko. Kanani mwaulemu. Nthunzi ya mphika ndi utsi zimawononga chikopa, ana amaseweretsa, ndipo koposa zonse, chishalo chimodzi chabwino chikhoza kudula kuposa malipiro anu a miyezi ingapo. Chikasowa chili m'manja mwanu, mlandu ndi wanu, ndipo mlendo m'dziko la eni sachedwa kulozedwa chala.

Dzitetezeni ndi kope. Lembani dzina la hatchi, zida zimene zabwera nayo ndi tsiku, mwini wake asayine. Zishalo zambiri zili ndi nambala yodindidwa pansi pa chikopa cha m'mbali. Ijambuleni pa foni pamodzi ndi paliponse pamene pali chilema kale. Wina akatenga chishalo kupita nacho ku mpikisano, zilembedwe. Akuba zishalo alipo ku Britain ndi ku South Africa komwe, ndiye chitseko chikhale ndi loko wolimba, zenera likhale ndi zitsulo, ndipo adziwike amene ali ndi kiyi. Kubisa kiyi pansi pa mwala wa pakhomo, kumene aliyense amadziwa, n'chimodzimodzi kusakhoma.

Kwa a ngolo za abulu kumudzi

Kasamalidwe komweka n'kofunikanso pa zida za abulu okoka ngolo. Malamba a abulu, kaya ndi a chikopa, a lamba wa chigayo kapena a tayala, asagone pansi pa ngolo. Chiswe, agalu ndi mame zimawamaliza. Apachikeni m'khonde kapena pansi pa nkhokwe, pamtengo wozungulira, pamalo osadontha. Musanamange bulu m'mawa, yendetsani dzanja mbali yonse yokhudza khungu: matope ouma, mfundo ya waya kapena mutu wa bawuti wotuluka ndizo zimayambitsa zilonda za pachifuwa ndi pamsana. Pamene pakukhula sokereranipo nsalu yofewa kapena chikopa cha nkhosa, ndipo bulu amene ali ndi chilonda apume mpaka chipole.