Phunziro 6: Pulogalamu yodikira uthenga

Mphunzitsi mnzanga, mapulogalamu amene talemba m'maphunziro apitawa amayambira pamwamba n'kutsika mzere ndi mzere mpaka kumapeto. Amafunsa dzina, munthu n'kuyankha, basi atha. Ophunzira anu akazolowera zimenezi amasokonezeka tsiku loyamba kuona pulogalamu ya zenera, yokhala ndi mabatani odina ndi mausi. Amafunsa kuti, "Nanga iyi ikuyambira pati, ikuthera pati?" Mukapanda kuwayankha bwino funso limeneli, amangoloweza mizere osaimvetsa.

Yankho lake n'lakuti pulogalamu ya zenera siilamula munthu. Imadikira kuti munthu achite kanthu.

Taganizirani wogwira ntchito pachigayo. Sadziwa amene abwere, kapena nthawi imene abwere. Anthu amandandalika matumba awo pamzere, iye n'kutenga thumba loyamba, kugaya, kubwerera kukatenga lina. Pakakhala palibe thumba amakhala pansi. Pa Windows zilinso chimodzimodzi. Munthu akadina mausi kapena batani la pakiyibodi, Windows imalemba kauthenga n'kukaika pamzere wa pulogalamuyo. Kauthengako kamanena zenera lake, chimene chachitika, ndi malo amene mausi inali. Ntchito ya pulogalamu ndi kutenga mauthengawo umodziumodzi. M'chiyankhulo cha C timalemba motere:

while (GetMessage(&msg, NULL, 0, 0) > 0) {
    TranslateMessage(&msg);
    DispatchMessage(&msg);
}

GetMessage imatenga uthenga pamzere, ndipo ngati palibe imadikira osavutitsa kompyuta. TranslateMessage imaona ngati batani lodinidwalo likupereka chilembo. DispatchMessage imapereka uthengawo kugawo limene inu mwalemba, limene ambiri amalitcha WndProc. M'gawo limeneli ndi mmene mumasankha zochita: ukabwera WM_LBUTTONDOWN, munthu wadina batani lakumanzere la mausi, ukabwera WM_KEYDOWN, wadina pakiyibodi. Mauthenga alipo mazanamazana, koma musade nkhawa. Umene mulibe nawo ntchito muupereke kwa DefWindowProc, imene imadziwa kale kusuntha zenera, kulikulitsa ndi kulitseka.

Njirayi si yatsopano. Windows yoyamba, ya 1985, inkagwira ntchito motere, ndipo X Window System, imene inayambira ku MIT mu 1984, nayonso ili ndi mzere wake wa zochitika, wotengedwa ndi XNextEvent.

Tsopano tiime pa WM_PAINT, chifukwa apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Wophunzira amajambula mzere pazenera nthawi imene mausi yadinidwa, n'kusangalala. Akangolikulitsa zeneralo, mzere uja wasowa. Iye amati kompyuta yawonongeka. Ayi ndithu. Zenera lili ngati bolodi la m'kalasi imene amaphunziriramo anthu ambiri: likhoza kufufutidwa nthawi ina iliyonse. Likafunika kujambulidwanso, Windows imatumiza WM_PAINT, ndipo pulogalamu iyenera kujambula kuchokera pa zimene inasunga. Choncho podina mausi musajambule. Sungani malowo, muitane InvalidateRect, kujambulako kuchitike mu WM_PAINT. Kumbukiraninso kuwauza kuti malo a 0,0 ali pangodya yakumtunda kumanzere, ndipo nambala ya y imakula potsika. Pa masamu anaphunzira kuti imakula pokwera, ndiye musadabwe akajambula nyumba yozondoka.

Vuto lina ndi kuchedwa. Wachigayo akatenga thumba limodzi n'kupita nalo kumudzi, mzere wonse umaima. Pulogalamu ikatha masekondi pafupifupi 5 osatenga uthenga, Windows imalemba pazenera kuti Not Responding. Nthawi zambiri wolakwa ndi ife olemba, amene tinaika ntchito yaitali mkati mwa WndProc.

Nanga pulogalamu imatha bwanji? Zenera likatsekedwa pamabwera WM_DESTROY. Pamenepo muitane PostQuitMessage, imene imaika WM_QUIT pamzere. GetMessage ikaupeza imabweza 0, kuzungulira kuja n'kutha. Mukaiwala, zenera limachoka koma pulogalamu imatsalira ikudikirabe, ndipo muipeza mu Task Manager.

Ntchito

Ine ndinayamba ndi kuphunzitsa akuluakulu kuwerenga, ndipo kumeneko ndinaona kuti chinthu chimene munthu wachisewera ndi thupi lake sachiiwala msanga. Ntchito iyi siifuna kompyuta. Lembani mauthenga patimapepala: kudina mausi pa 3,2, kudina chilembo A, WM_PAINT, WM_DESTROY. Wophunzira mmodzi akhale Windows, aziika timapepalato m'katoni. Wina akhale GetMessage, azitenga kamodzikamodzi. Wachitatu akhale WndProc, aime pabolodi ndi choko. Pakati pa sewerolo, inu mufufute bolodi mwadzidzidzi, kenako muponye WM_PAINT m'katoni. Onani ngati wapabolodi uja anali atalemba pambali zimene anajambula. Lembani m'kope lanu zimene achite, mudzakambirane ndi anzanu pamkumano wotsatira.